KODI LINGA LOKONZEDWANSO LINGATCHEDWE LAKALE?

Tsiku lina ndili kuphunzitsa ana a Folomu 3 mbiri ya maiko a ku Ulaya, ndinayendetsa m'kalasi chithunzi cha mzinda wa Carcassonne wa ku France. Chinali chithunzi chokongola ndithu: chitunda chachitali, pamwamba pake malinga aŵiri amiyala, ndi nsanja za madenga osongoka zitazungulira mzinda wonse. Ana analandirana chithunzicho mwakachetechete mpaka chinafika kwa mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene kaŵirikaŵiri salankhula. Iyeyo anachiyang'anitsitsa, kenaka anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, mwanena kuti linga ili ndi la zaka mazana ambiri. Nanga bwanji madenga ake akuoneka ngati amanga dzulo?"

Ndinamuyankha mwachidule kuti eni ake anachita kukonza, ndipo belu litalira tinabalalika. Koma yankho limenelo silinandikhutitse ine ndemwe. Mwanayo anali ataona chinthu chimene anthu ophunzira a ku Ulaya akhala akukanganirana kwa zaka zoposa zana limodzi ndi theka. Tsono lero ndafuna kuti ndimuyankhe bwino, pamaso pa inu aphunzitsi anzanga ndi inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu. Maganizo anga ndi akuti amene anapulumutsa malinga a Carcassonne anachita bwino, ngakhale analakwitsa zina. Cholakwa chachikulu chingakhale chathu, ngati poonetsa ana chithunzi chotere tibisa amene anakonza, nthaŵi imene anakonzera, ndi anthu amene anavutika kuti ntchitoyo itheke.

MZINDA WA PACHITUNDA

Carcassonne ali kum'mwera kwa France, m'mbali mwa mtsinje wa Aude, panjira yakalekale yochokera ku Toulouse kupita ku Narbonne ndi kunyanja ya Mediterranean. Mzindawu uli paŵiri. Kutsidya lina la mtsinje kuli tauni ya m'chigwa, kumene anthu ambiri amakhala. Pachitunda ndiye pali mzinda wakale umene Afalansa amautcha Cité. Malinga ake aŵiri, lamkati ndi lakunja, tikawaphatikiza amatalika pafupifupi makilomita 3, ndipo ali ndi nsanja 52.

Zipata zikuluzikulu ndi ziŵiri. Chakumadzulo, choyang'ana kumtsinje, ndi Porte d'Aude, chimene munthu amachifika pokwera njira yotsetsereka ndi yokhotakhota, kotero kuti mdani akamakwera ankakhala pambalambanda kwa oponya mivi. Chakum'maŵa ndi Porte Narbonnaise, chimene chinamangidwa cha m'ma 1280. Chili ndi nsanja ziŵiri zazikulu zosongoka kutsogolo ngati mlomo wa mbalame, kuti miyala yoponyedwa ndi adani izingotsetsereka. Pakati pa nsanjazo pankatsika zitseko ziŵiri zolemera, ndipo pamwamba panali ziboo zogwetsera miyala pamitu ya ofuna kuthyola chipata. M'nsanja imodzi munali nkhokwe ya madzi, m'inzake mosungira nyama yothira mchere, kuti asilikali akatsekeredwa asafe ndi njala kapena ludzu.

Linga lakunja ndi lalifupi poyerekeza ndi lamkati, ndipo zina mwa nsanja zake n'zotseguka kumbuyo. Amisiri anachita dala zimenezi. Mdani akalanda linga loyamba sankapeza pobisala, popeza asilikali a palinga lachiŵiri ankamuona ndi kumulasa ali pamwamba. Pakati pa malinga aŵiriwo pali bwalo lalitali lozungulira mzinda, limene pa Chifalansa amati lices. Bwalo limeneli mulikumbukire, chifukwa tibwererako.

MIYALA YA MIBADWO YOSIYANA

Munthu woyang'ana chithunzi amaganiza kuti zonsezi zinamangidwa ndi mfumu imodzi. Koma amene amadziŵa kuŵerenga khoma amaona manja a mibadwo yambiri. Mbali zina za linga lamkati zinamangidwa ndi Aroma cha m'zaka za m'ma 200 ndi 300: timiyala ting'onoting'ono tosemedwa bwino, todukizidwa ndi mizere ya njerwa zofiira. Aroma atafooka, mzindawu unagwa m'manja mwa Avisigoti m'zaka za m'ma 400. M'chaka cha 725 unalandidwa ndi Asilamu ochokera ku Spain, ndipo cha m'ma 759 Pepin, mfumu ya Afulanki, anawachotsa. Kuyambira 1067 unali wa banja la Trencavel, limene m'zaka za m'ma 1100 linamanga nyumba yachifumu yotchedwa Château Comtal mkati mwa linga.

Pali chinthu china chodabwitsa chimene ndimakonda kufotokozera ana. Tonse timadziŵa kuti pomanga nyumba, mwala wapansi ndiwo woyamba kuikidwa. Koma ku Carcassonne kuli malo pamene miyala ya Aroma ili pamwamba, ndipo yapansi pake ndi ya m'zaka za m'ma 1200. Chinachitika n'chakuti amisiri a mfumu, posalaza bwalo la pakati pa malinga, anakumba dothi mpaka maziko a Aroma anakhala pamtunda. Poopa kuti khoma lingagwe, analoŵetsa miyala yatsopano kunsi kwake. Apa tikuona kuti kukonza lingali sikunayambe dzulo. Mbadwo uliwonse unalipeza, unalisintha monga mwa zosoŵa zake, n'kulisiyira wotsatira.

LINGA LA OGONJETSA

Chaka chofunika kuchidziŵa pa mbiri ya mzindawu ndi 1209. M'chigawo chimenecho munali anthu achipembedzo chotchedwa Cathar, amene Mpingo wa Roma unkawayesa ampatuko. Nthumwi ya Papa, Pierre de Castelnau, itaphedwa mu 1208, Papa Innocent III anamemeza nkhondo. Ankhondo ochokera kumpoto kwa France anafika ku Béziers mu Julayi 1209 napha anthu zikwizikwi osasankha. Poyamba pa Ogasiti anazinga Carcassonne. Mwini mzinda, Raymond-Roger Trencavel, anali mnyamata wa zaka 24 zokha. Anthu othaŵa nkhondo anali atadzaza mkati, dzuŵa linali likuswa mtengo, ndipo adani anatseka njira yopita kumtsinje. Patangotha milungu iŵiri, pa 15 Ogasiti, mzinda unagonja. Linga linali chiimire, koma madzi anali atatha. Trencavel anagwidwa atapita kukakambirana za mtendere, ndipo anafera m'ndende ya m'nyumba yake yomwe mu Novembala chaka chomwecho. Anthu a mumzinda anatulutsidwa chimanjamanja, ndipo dziko linapatsidwa kwa Simon de Montfort.

Mwana wa Trencavel anayesa kulanditsa mzinda wa atate ake mu 1240, mothandizidwa ndi anthu a m'midzi yoyandikana ndi linga, koma analephera. Midziyo inagwetsedwa, ndipo mu 1247 Mfumu Louis IX inalola kuti eni ake akamange tsidya lina la mtsinje. Ndimo mmene tauni ya m'chigwa inayambira. Linga lakunja, chipata cha Narbonnaise ndi nsanja zazikulu zimene alendo amazigomera lero, n'zomangidwa ndi mafumu a France, Louis IX, Philippe III ndi Philippe IV, atalanda dzikolo. Pangano la Corbeil la 1258 linaika malire a France ndi Aragon pafupi, choncho mzindawu unali mlonda wa m'malire. Komabe taonani ichi: nyumba yachifumu ija ili ndi ngalande ndi mpanda wakewake kumbali yoyang'ana mumzinda. Olamulira ankaopa mdani wakunja, ankaopanso anthu amene ankawalamulira.

Ntchito ya mafumuwa inalimba kwambiri. Mu 1355 Edward, kalonga wa ku England wotchedwa Black Prince, anatentha tauni ya m'chigwa, koma mzinda wa pachitunda anausiya. Chimene chinaugonjetsa pomaliza ndi cholembera. Pangano la Pyrenees la 1659 linapereka chigawo cha Roussillon kwa France, malire n'kusunthira kum'mwera. Mlonda anatsala wopanda chimene akulondera. Anthu achuma anatsikira m'chigwa, kumene malonda a nsalu zaubweya anali kuyenda bwino, ndipo poyambirira pa zaka za m'ma 1800 ngakhale mpando wa bishopu unasamukira komweko. Pachitunda panatsala amphaŵi, ambiri a iwo oomba nsalu, amene anamanga tinyumba tawo m'bwalo lija la pakati pa malinga, motsamira khoma. Madenga a nsanja anagwa, ndipo anthu anayamba kugumula miyala yapamwamba n'kumakamangira nyumba zawo.

MKANGANO WA OKONZA

Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800, boma linkaona malingawa ngati katundu wopanda ntchito, woyenera kungogumulidwa. Paja amati tsobola wakale saŵaŵa. Amene anaimirira kukana anali Jean-Pierre Cros-Mayrevieille, mbadwa ya komweko yokonda mbiri yakale, pamodzi ndi Prosper Mérimée, mlembi wotchuka amene analinso woyang'anira zomanga zakale m'dziko lonse la France. Iwo anapambana, ndipo ntchito inapatsidwa kwa mmisiri Eugène Viollet-le-Duc, amene kuyambira 1844 anali kale kukonza tchalitchi cha Saint-Nazaire mumzindamo. Mu 1853 anayamba malinga. Anamwalira mu 1879 ntchito isanathe, ndipo wophunzira wake, Paul Boeswillwald, anaipitiriza mpaka cha m'ma 1911.

Viollet-le-Duc anali munthu wakhama. Anayeza khoma lililonse, anajambula nsanja iliyonse, nafufuza ngakhale ziboo zimene kale munkaloŵa mitanda ya makonde amatabwa omenyerapo nkhondo. Koma chikhulupiriro chake chinali chakuti wokonza ali ndi ufulu wotsiriza nyumba kuti ikhale yathunthu, ngakhale kuti mwina sinakhalepo yotero pa nthaŵi ina iliyonse. Motero anafolera nsanja ndi madenga osongoka a mwala wa sileti wotuŵa, monga amachitira kumpoto kwa France kumene kumagwa chipale, pamene kum'mwera anthu anazoloŵera madenga afulati a matailosi ofiira. Ngakhale mlatho wokweza umene uli kutsogolo kwa chipata cha Narbonnaise ndi wa nthaŵi ya okonzawo. Madenga amene mwana wanga wasukulu anawakayikira ndi amenewa, ndipo maso ake sanamunamize.

Otsutsa analipo kuyambira pachiyambi. Ku England, John Ruskin, m'buku lake la 1849 lonena za zomangamanga, anaphunzitsa kuti kumanganso nyumba yakale ndi kuiononga kotheratu, chifukwa chotulukapo chimakhala chifanizo chonamizira. Kwa iye, nyumba iyenera kusamalidwa kuti isagwe, koma ikafa ilekedwe ife mwaulemu. Maganizo amenewa ndi olemera, ndipo sindiwapeputsa. Munthu akapeza kalata ya agogo ake itadyedwa ndi chiswe, n'kudzaza yekha mawu m'malo odyedwawo ndi inki yofanana, adzukulu ake sadzadziŵanso mawu a agogo ndi mawu a iye. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a ku France anavomereza mbali ina ya chidzudzulochi, nachotsa sileti pa nsanja zina za Aroma n'kuikapo matailosi.

CHIFUKWA CHAKE NDIKUTI ANACHITA BWINO

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali ya okonza, pa zifukwa zitatu.

Choyamba, tiyenera kuona bwino zimene zinalipo zoti asankhe. Mu 1850 panalibe mwayi wosunga bwinja lokongola monga Ruskin akadafunira. Khoma lopanda denga limaloŵa madzi, ndipo anthu anali kale kutuntha miyala. Pakadapanda Viollet-le-Duc, njerwa za Aroma zija bwenzi lero zili m'maziko a makola a nkhosa. Denga lolakwika lingachotsedwe, monga anachitira m'ma 1960, koma madzi akatayika saoleka.

Chachiŵiri, funso lakuti linga lenileni ndi liti lilibe yankho limodzi. Kodi ndi la Aroma, la Trencavel, kapena la Louis IX? Amisiri a m'ma 1200 analoŵetsa miyala yawo kunsi kwa ya Aroma, ndipo palibe amene amawatcha onyenga. Viollet-le-Duc anaika yake pamwamba. Mbali yaikulu ya makoma ndi yakale ndithu. Zatsopano zachuluka kumutu, m'mano a linga ndi m'madenga. Ntchito yake ndi mbadwo wina woonjezera pa mibadwo imene inalipo kale.

Chachitatu, nthaŵi yaŵeruza kale. Bungwe la UNESCO poika Carcassonne pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1997, mndandanda womwewo umene pali zojambula za pamiyala za ku Chongoni kwathu kuno, linatchula ntchito ya Viollet-le-Duc ngati chimodzi mwa zifukwa zake. Ndiponso moto utaononga tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris mu Epulo 2019, nsonga imene inagwa inali yomangidwa ndi Viollet-le-Duc yemweyu. Afalansa anakangana, koma pomaliza anaimanganso monga momwe iye anaijambulira, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso mu Disembala 2024. Chimene agogo awo ankachitcha chonamizira, adzukulu anachilira ngati chuma.

ZIMENE CHITHUNZI SICHIONETSA

Koma kuvomereza ntchito sikutanthauza kutseka maso. Kuti malinga aoneke bwino monga alili pachithunzi, boma linalanda ndi kugwetsa nyumba za amphaŵi aja a m'bwalo la lices, ntchito imene inatenga zaka makumi angapo. Anthu amenewo anabadwira pamenepo, ndipo makoma a mafumu anali zipupa za nyumba zawo. Maina a Mérimée ndi Viollet-le-Duc ali m'mabuku onse, koma a oomba nsaluwo sitiwamva. Anthu a mumzindawu anatulutsidwa mu 1209 chifukwa cha chipembedzo, anasamutsidwa pambuyo pa 1240 chifukwa cha ndale, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anachotsedwa chifukwa cha kukongola. Lero alendo mamiliyoni amafika chaka ndi chaka, ndipo pa 14 Julayi paliponse malinga amaŵalitsidwa ndi zophulika zamoto. Koma okhala mkati mwa linga ndi oŵerengeka; m'misewu mwadzaza mahotela, malo odyera ndi timasitolo togulitsa malupanga a ana. Miyala inapulumuka, mudzi sunapulumuke. Mphunzitsi amene anena za nsanja 52 osatchula nyumba zogwetsedwazo, wauza ana theka la nkhani.

Palinso nthano imene alendo amauzidwa pachipata cha Narbonnaise, pamene pali fano la mkazi wotchedwa Dame Carcas. Amati Charlemagne atazinga mzinda kwa zaka zingapo, chakudya chitatha, mkaziyu anadyetsa nkhumba yotsala tirigu wotsiriza n'kuiponya kunja kwa linga. Adani poona mimba ya nkhumba yodzaza tirigu anaganiza kuti mkatimo muli chakudya chambiri, ndipo anachoka. Mkaziyo analiza mabelu, ndipo amati dzina la mzinda linachokera pamenepo. Ndi nthano yokoma, ndipo ana amaikonda. Koma Aroma ankautcha kale mzindawu Carcaso, zaka mazana ambiri Charlemagne asanabadwe. Nthanoyi tiiuze ana, pokhapokha titanena kuti ndi nthano. Denga la sileti tiliyamikire, pokhapokha titanena chaka chake.

Mfundo imeneyi ndiyo akatswiri osamala zakale anagwirizana ku Venice mu 1964: kuti wokonza alekeze pamene umboni walekeza, ndipo chimene waonjezera chizizindikirika kuti n'chatsopano. Ndi njira yapakati pa Ruskin ndi Viollet-le-Duc. Ine ndikuona kuti lamulo limeneli likhudza mphunzitsi wa mbiri monga momwe likhudzira mmisiri wa miyala, pakuti nafenso ntchito yathu ndi yolumikiza zidutswa. Pamene mabuku ali chete, timakopeka kudzazapo zathu kuti phunziro liyende bwino ndi kuti ana asatione ngati osadziŵa. Tikatero tafolera mbiri ndi denga lathu, osauza ana kuti ndife tafolera.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu, ena mwa inu mudzakhala amisiri, makhansala kapena alembi a m'maofesi, ndipo tsiku lina pa tebulo lanu padzafika pepala lofunsa ngati nyumba ina yakale igwetsedwe kuti papezeke malo. Mudzakumbukire kuti malinga a Carcassonne anatsala pang'ono kutha ndi pepala lotero, ndipo anapulumuka chifukwa anthu ochepa anakana. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma mukasankha kusunga, mudzafunsenso kuti amene akukhalamo apita kuti, ndipo mudzalembe poyera zimene mwasintha.

Lolemba lotsatira ndinabwerera m'kalasi muja ndi chithunzi chomwe chija. Ndinajambula khoma pabolodi, n'kulidula mizere: apa Aroma, apa Trencavel, apa mafumu a France, apa Viollet-le-Duc. M'munsi mwake ndinajambula tinyumba ting'onoting'ono, kenaka ndinatifufuta ana akuona. Ndinauza mtsikana uja kuti funso lake linali labwino kuposa yankho limene ndinamupatsa tsiku loyamba. Iye sanayankhe kanthu, koma ndinaona kuti m'kope lake anajambula tinyumba tija, ndipo sanatifufute.